Adiresi Yothera ndi 77

Atelala, mayi wosoka zovala, anathamangitsa mng'ono wawo Lolemba m'mawa chifukwa cha diresi lofiira.

Diresilo silinali lawo n'komwe. Linali la kasitomala wina wa thupi ngati lawo, ndipo Lachisanu masana analivala kuti aone ngati m'chiuno likukhala bwino. Anali kuchipinda, chitseko chotseka, makatani otseka, awiriwiri ndi mng'ono wawoyo. Atadziona pagalasi, munthu amene anatha chaka chathunthu akununkha mankhwala ndi mkodzo wa wodwala, anagwedeza chiuno kawiri katatu. Mng'ono wawo anaseka mpaka kugwera pabedi. Zinathera pomwepo. Panali patapita masabata asanu ndi limodzi chimwalirireni amuna awo.

Dzuwa lisanalowe, pagulu la pafoni la achibale a malemu panagwa uthenga: "Maluwa pamanda sanaume, ena ayamba kale kuvina m'madiresi ofiira." Analemba ndi mchemwali wa malemu, kalaliki pakampani ina yogulitsa matayala, amene Atelala ndi mng'ono wawo amawatchula kuti A Perefyumu. Munthu ukadutsana nawo pakhomo, fungo lake limakuperekeza mpaka mawa.

Aka sikanali koyamba. Atelala atapereka jekete la malemu kwa mlonda wa pamsewu wawo, atalitulutsa m'wadiropu n'kulikulunga m'nyuzipepala, A Perefyumu anadziwa ndi mtundu wake womwe. Tsiku lina atagona chagada pabedi, msana ukuwawa, anauza mng'ono wawo kuti, "Apume bambowo, nanenso ndipume." Mawu omwewo, osachotsa osawonjeza, anakamveka kwa amalume a malemu. Mawu a kuchipinda, olankhulidwa munthu ali ndi pitikoti yekha.

Ndiye Loweruka ndi Lamulungu Atelala anafufuma ngati mtanda wa buledi. Lolemba anaphulika.

"Amakupatsa chiyani?" anatero, mng'ono wawo akutsuka makapu.

"Ndani, asisi?"

"Usandiyese chitsiru. M'chipinda muja tinali awiri. Ine sindinadzinene ndekha."

Mng'ono wawo anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Uyu ndi munthu amene anasiya ntchito yoluka tsitsi kutali uko, n'kubwera kudzagwira miyendo ya alamu ake pamene asisi ake akugwira mapewa. Miyezi isanu ndi itatu akuchapa matewera a munthu wamkulu, osatsina mphuno ngakhale tsiku limodzi.

"Ine, asisi? Ine ndi A Perefyumu, amene sandipatsa ndi moni womwe?"

"Nanga ndi makoma?"

"Afunseni makomawo."

Mng'ono wawo sanalire. Chimenecho ndiye chinawakwiyitsa kwambiri Atelala. Mng'onoyo analonga chikwama chake, anachikoka yekha mpaka pageti, n'kunena kuti akakhala kwa mnzake wa saluni kuseri kwa msika, ndipo Lachisanu akwera basi ya m'mawa kubwerera kumene anachokera. "Mukadzamwalira ndidzamva pafoni," anatero. Geti linalira, nyumba inati zii.

Lachitatu cha m'ma 3 koloko kunabwera A Mawaya. Awa ndi mayi wonenepa, wa ovolosi ndi chikwama cha laputopu, amene amakonza za intaneti m'nyumba za anthu. Atelala anawaitana pa nkhani ina. Chibwezereni mashini yosokera kunyumba, ntchito yawo imayendera pafoni: kasitomala atumize chithunzi cha sitayilo, iwo atumize chithunzi cha chovala. Koma ikangokwana 12 koloko, chithunzi chimazungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna pogona, mpaka 1 koloko.

"Tsiku lililonse?" anafunsa A Mawaya, atakhala pampando wa malemu osapempha.

"Loweruka ndi Lamulungu imathamanga bwino."

"Intaneti yopita kutchuthi. Yatukuka kuposa ine."

Analumikiza laputopu ku rauta, kabokosi ka magetsi ophethira kamene kamakhala pamwamba pa TV. Pasikirini panatuluka mizere ya manambala.

"Bwerani muone, mayi. Musaope, si mayeso. Chilichonse chimene chimalowa pa intaneti chimakhala ndi nambala yake, ngati nambala ya nyumba. Timati adiresi ya IP. Za m'nyumba muno zonse zikuyamba ndi 192.168. Tiyeni tiziwerenge. Iyi ndi foni yanu. Iyi ndi TV. Iyi ndi foni ina, koma inachoka Lolemba."

"Ya mng'ono wanga. Ndinamuthamangitsa, ndimati ndiye amaulula za m'nyumba muno," anatero Atelala, akuyang'ana kumbali.

"Nanga chachinayichi?"

"Palibe chachinayi."

"Chilipo, ndipo n'chakhama kuposa nonsenu. Lero lomwe, kuyambira 12 mpaka 1, chatumiza zinthu kunja ngati mpopi wothyoka. Muli ndi kompyuta ina? Kawailesi ka intaneti? Kamera?"

Atelala anatsegula pakamwa kuti akane, koma pomwepo anakumbukira.

Amuna awo atangogwidwa ndi sitiroko, iwo anali akadali ndi kashopu kumsika. Wodwala sankatha kudzuka kapena kuitana. Ndiye munthu wina anadzawaikira kakamera pamwamba pa wadiropu, koyang'ana pabedi, kuti azimuona pafoni ali kushopu. Kanali ndi kagetsi kabuluu kamene kamamusowetsa tulo wodwalayo, ndipo Atelala anakamata ndi pulasitala. Matenda atakula anatseka shopu, anabwera ndi mashini kunyumba, ndipo kapulogalamu koonera kaja anakafufuta pafoni. Kwa iwo nkhani ya kamera inathera pamenepo.

A Mawaya anakwera pampando. Pakati pa sutikesi ndi katoni ya mabulangete, kanali pomwepo, kakang'ono ngati dzira, fumbi lili mbuu, diso lake lili pabedi. Anakakhudza ndi chala.

"N'kotentha. Kali moyo."

"Koma ndinakafufuta pafoni!"

"Mayi, munatseka diso lanu, lake munalisiya. Ndipo kali ndi khutu, kamamva. Pasiwedi yake ili kuti?"

Inali pomwe woika uja anaisiya: pakapepala komatidwa mkati mwa chitseko cha wadiropu, pamwamba pa mataye a malemu.

Kakamerako kanali ndi khalidwe limodzi labwino: kamalemba aliyense wogogoda. A Mawaya anatsegula mndandanda wake, ndipo unali wautali ngati msewu. Anayamba kuusefa ndi chala chonenepa chija.

"Izi zambirimbirizi musadandaule nazo. Onani, iyi yachokera kutsidya kwa nyanja, iyi kutsidya linanso. Ndi makina a akuba, amagogoda khomo lililonse padziko lapansi. Ayesa pasiwedi, yakana, ayesa ina, yakana, apita. Ndi ntchentche pagalasi la zenera. Izi zosinthasinthazi ndi foni yanu muli kushopu, zinasiya mu Febuluwale. Koma iyi..." Anasiya kutafuna chingamu. "Iyi yothera ndi 77. Iyi sigogoda. Imabwera ndi kiyi. Kamodzi, yalowa. Lolemba mpaka Lachisanu, imalowa ikangodutsa 12, n'kutuluka 1 koloko. Ndipo sisintha. Adiresi yosasintha chonchi nthawi zambiri imakhala ya kampani kapena ofesi."

"Ndani?"

"Dzina silembedwa. Ndikafufuza, ndiona chabe kuti ndi layini ya bizinesi ya m'tauni mwathu mommuno. Munthu wake, ayi."

"Inayamba liti?"

A Mawaya anatsitsa mndandanda mpaka pansi. "Pa 14 Malichi."

Atelala sanapite patali ndi sukulu, koma kulemba amalemba. Nesi wa kuchipatala anawauza kuti azilemba nthawi ya mankhwala, ndipo iwo anapitirira pamenepo. M'kope lachikuto chakuda analembamo zonse: wadya masipuni angati, watembenuzidwa nthawi yanji, chilonda cha pamsana chili bwanji, kwabwera ndani. Tsamba la alendo silinavute kudzaza, chifukwa achibale a wodwala amakonda maliro kuposa matenda. Anakatenga kopelo pansi pa matiresi, ananyowetsa chala, n'kuyamba kuvundukula.

13 Malichi, Lamulungu. A Perefyumu abwera. Mphindi khumi. Kansalu pamphuno. Apempha titulukemo kuti apemphere ndi mlongo wawo paokha.

"Anapemphera chitseko cha wadiropu chili chotsegula," anatero Atelala. Mawu awo anali ouma ngati thabwa. "Ndikukumbukira. Nditalowa ndinachitseka ndine, ndikuti ndi mphepo. Taonani mwezi wa Juni. Pali pamene inajomba?"

"Masabata awiri, kuyambira pa 6."

"A Perefyumu anapita kukachitidwa opaleshoni ya diso. Zithunzi za bandeji anatidzazira nazo pagulu." Anaseka kuseka kopanda mano. "Analikonzetsa kuti lizindiona bwino."

Kenaka anavundukula masamba ena, chala n'kuima pa tsamba limodzi. A Mawaya anayamba kutseka laputopu.

"Dikirani. Pa 19 Ogasiti."

Limenelo ndi tsiku limene amuna awo anamwalira. Mng'ono wawo anali atapita kukagula mankhwala. Atelala anali okha. Nthawi zake anazikopera pambuyo pake kuchokera mufoni, chifukwa dzanja linali litazolowera kulemba:

12:25 ayamba kubanika. 12:31 ndaimbira A Perefyumu za galimoto, osayankha. 12:34 ndaimbanso. 12:40 ndaimbanso. 12:58 apita.

Pa achibale onse, wa galimoto amene anali pafupi anali A Perefyumu. Kuchokera kukampani ya matayala kufika pageti la Atelala ndi mphindi khumi. Pamaliro analira mpaka kukomoka, anthu atatu kuwagwira, ndipo atatsitsimuka anati, "Alamu, foni inali m'chikwama, ndinali pamsonkhano. Ndikanadziwa!"

A Mawaya anapeza tsikulo. Sanawerenge mokweza. Anangotembenuza laputopu. 77 yalowa 12:12. Yatuluka 13:05.

Atelala anaimirira, anayenda bwinobwino mpaka kubafa, n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Chaka chathunthu anapukuta chimbudzi cha munthu wamkulu, anatsuka mafinya, anachotsa makhololo pakhosi ndi chala chokulunga nsalu, osachita nseru ngakhale kamodzi. Zimene zija ndi za thupi, thupi silichitira dala. Koma izi! Munthu kukhala pampando wofewa, kuonerera mlongo wake wa bere limodzi akutha mpweya, kuonerera mkazi akukuwa, akukoka mwamuna wolemera kuti amukhazike tsonga, foni ikulira patebulo pambali pa dzanja lake, iye n'kumangoyang'ana. Ndipo Lolemba lotsatira n'kubweranso. Kudzaona chiyani? Mkazi wamasiye akuvula. Mkazi wamasiye akudzola mafuta m'ntchafu, akulira m'pilo, akununkhiza shati la malemu. Atelala anadzimva ngati thupi lonse lamatidwa malovu a munthu wina. Anatsuka m'kamwa katatu, kukoma kwa ndulu osachoka.

Atabwerera anapeza A Mawaya atagwira kale chingwe cha kamera.

"Ndikuzula pompano. Ndisintha mapasiwedi onse, nditseka khomo limene woika uja anasiya lotsegula pa rauta, ndipo 77 ndiyiika pamndandanda wa oletsedwa. Mphindi zisanu."

"Siyani."

"Mayi?"

"Siyani mpaka mawa 1 koloko."

A Mawaya anatsika pampando. "Ndikuchenjezeni ngati mzimayi mnzanu. Adiresi si dzina la munthu. Ofesi yonse, anthu makumi atatu, amatulukira pa adiresi imodzi, ngati geti limodzi la fakitale. Kope lanu likuloza, inde, koma mukakangofika n'kuyamba kutukwana, adzati ndi misala ya umasiye. Mwathamangitsa kale munthu mmodzi popanda umboni."

Mawu amenewo analowa ngati singano pansi pa chikhadabo. Atelala analoza laputopu.

"Mundisindikizire mapepala amenewa. Awiriawiri. Ndipo mawa mubwere mukhale pabalaza pano. Ikalowa, mundiimbire."

Lachinayi m'mawa anang'amba katoni ya mabulangete ija, anatenga choko chosokera chofiira, n'kulembapo zilembo zikuluzikulu. Anaimika katoniyo pabedi, moyang'anana ndi kamera, atayitsamiritsa ku mapilo a malemu. Anasamba, anavala diresi lakuda, anapinda mapepala m'kope, n'kutenga jumbo ya zovala kuti azioneka ngati akukapereka katundu.

Kampani ya matayala imanunkha mphira kuyambira kumsewu. Mlonda ataona jumbo ndi tepi yoyezera m'khosi sanafunse zambiri. "Kwa akalaliki? Kumapeto, chitseko chagalasi." Atelala anadutsa pakati pa milu ya matayala, anafika m'kakhonde kamdima, n'kuima pambali pa kabati ya mafayilo. Kudzera pagalasi amaona msana wa A Perefyumu, wigi yonyezimira, ndi sikirini yaikulu.

Itakwana 12, anaona chimene sanachiganizire. Amayi ena awiri a mu ofesimo anakoka mipando yawo, ana a anthu ovala bwino, a zikhadabo zopenta, aliyense ndi kontena yake. Anakhala wina uku wina uku. Makontena anatsegulidwa: mpunga, nyemba, ntchafu ya nkhuku. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino, mawu amatuluka.

"Tiyatsireni filimu yathu, mwina lero avinanso."

"Dzulo anangokhala pabedi ngati thumba. Chichokereni kamng'ono kake sikukusangalatsa."

"Koma m'mimba muja, anzanga, mwana mmodzi sanaberekepo koma mikwingwirima ngati mapu."

Anaseka, m'kamwa muli mpunga.

Foni inanjenjemera m'dzanja la Atelala. "Yalowa 77," anatero A Mawaya.

Atelala anakankha chitseko ndi phewa, mwakachetechete. Pasikirini panali chipinda chawo. Bedi lawo, bulangete la mizere limene anagula chaka chimene anakwatiwa, kabudula wamkati amene anayanika pampando. Ndipo pakati pa bedi, zilembo zofiira: CHEUKANI ALAMU.

Woyamba kucheuka anali wa ntchafu ya nkhuku. Fupa linagwera pasiketi. A Perefyumu anacheuka pomaliza, sipuni ili m'kamwa.

"Pitirizani kudya," anatero Atelala. "Ndamva kuti dzulo sindinakusangalatseni, ndiye ndabwera ndekha. Ndivule pompano? Mapu aja muwaone pafupi?"

Amayi awiri aja anayamba kufuna nsapato zawo pansi pa tebulo.

"Khalani! Mwaonera kuyambira pachiyambi, muonere mpaka kumapeto."

A Perefyumu anameza. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma awa anayesa. "Alamu, musachite phokoso, pano ndi pantchito. Ija ndi nyumba ya mlongo wanga. Ndimafuna kuona ngati akusamalidwa bwino. Ndi mlandu?"

"Munaona?"

"Chiyani?"

"Ngati akusamalidwa. Miyezi isanu mukuyang'ana. Munaona ndikumusambitsa? Munaona ndikumupukuta? Munaona mng'ono wanga akumumeta ndevu? Chimene munachiona cholakwika n'chiyani, chimene chinakulepheretsani kubwera kudzachikonza ndi manja anu?"

"Ine fungo la odwala limandidwalitsa, mukudziwa."

"Pasikirini silimveka, eti. Mumatha kudyera." Atelala anatsegula kope, anayala pepala la manambala pamwamba pa kontena ya nyemba. "Nanga atamwalira mumayang'ana kuti akusamalidwa ndani? Koma zimenezo zisiyeni. Tiwerenge limodzi apa. Diso munakonzetsa. Pa 19 Ogasiti. Mwalowa 12:12. Ine ndaimba 12:31. Ndaimba 12:34. Ndaimba 12:40. Foni inali m'chikwama?"

Kunja wina amagubuduza tayala.

Wa zikhadabo zobiriwira ndiye analankhula, maso ali pansi. "Inali patebulo. Tinawauza kuti ayankhe."

"Inunso munalipo."

"Tinkaganiza kuti mwina... zimachitikachitika, amatsokomola n'kusiya."

"Ndikanatani ine?" A Perefyumu anakweza mawu, misozi yawo ya pamaliro ija itayamba kale kutsika. "Ine ndi dokotala? Ndikanayankha mukanadziwa bwanji kuti... ndinachita mantha, alamu! Manja amanjenjemera! Sindikanatha kuyendetsa!"

"Koma kontena munamaliza?"

Atelala anawayang'ana: wigi, ndolo, mafuta a nkhuku pamlomo, fungo lokoma lija lodzaza chipinda chonse. Pobwera m'minibasi amaganiza kuti akawagwira wigi n'kuwakhwekhwereza mpaka pamatayala. Tsopano manja anakana. Pali zinthu zina munthu sugwira ndi manja, umafuna fosholo.

Pakhomo panali pataima bambo wa tayi, ndi anyamata a m'sitolo atasuzumira kumbuyo kwake. "Chikuchitika n'chiyani muno?"

"Ndinu bwana?" Atelala anatulutsa mapepala achiwiri aja. "Nambala yothera ndi 77 iyi akuti ndi geti la kampani yanu. Yakhala ikulowa kuchipinda kwanga kuyambira Malichi. Icho chipindacho pasikirini yanu, uyo kabudula wanga. Mufunse wa makompyuta wanu ngati ndikunama. Mapepala ena ndasunga, ndikapita nawo kupolisi ndikapuma."

Bwanayo anayang'ana pepala, anayang'ana sikirini, n'kuchotsa maso msanga ngati wapsa.

Atelala anaimba foni. "A Mawaya, dulani."

Onse anaona dzanja lonenepa likutulukira pakona ya sikirini, likukula mpaka kudzaza ponse. Kenaka mdima.

"Alamu," anatero A Perefyumu ndi mawu aang'ono, "izi zisafike pagulu. Ndife banja."

"Banja langa ndinalithamangitsa Lolemba chifukwa cha inu."

Kunyumba anapeza A Mawaya atamaliza. Pasiwedi ya rauta yatsopano, khomo lija lotsekedwa, 77 yoletsedwa. Anawaonetsa pomwe azidina kuti aone mndandanda wa za m'nyumba. "Ziwiri: foni ndi TV. Mukadzaona chachitatu chimene simukuchidziwa, mundiimbire. Ndipo pasiwedi musamatenso pachitseko ngati kalendala." Kakamera anakapereka m'manja mwawo, chingwe chitakulungidwa. Atelala anakalandira ndi nyuzipepala, monga mmene munthu amatolera khoswe wakufa.

Chovuta chinali chisanachitike. Kukalipira mdani n'kosavuta, pakamwa pamadziyendera pokha. Njira ya kusaluni, kuseri kwa msika, inawatalikira ngati ya kudziko lina.

Anapeza mng'ono wawo ataimirira kumbuyo kwa kasitomala, akumutsuka mankhwala owongola tsitsi pabeseni. Anawaona pagalasi, sanatembenuke.

"Mwasowa chiyani, asisi? Masipuni? Kasecheni, chikwama chili kuseri kwa chitseko."

Atelala anatsegula nyuzipepala, n'kuika kakamera pashelefu pakati pa zipeso. Anafotokoza zonse ataimirira, mwini saluni ndi kasitomala akumva: wadiropu, pemphero la mphindi khumi, 77, makontena a mpunga, pa 19 Ogasiti. Sanakometse chilichonse. Pomaliza anati, "Sunali iwe. Ndinakulakwira. Ndinakunyoza pamaso pa Mulungu ndi makapu."

Mng'ono wawo anapukuta manja, anatenga pepala, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye inenso ndikamavala m'chipinda muja..."

"Iwenso."

"Tsiku lija ndimadzipaka mankhwala a chotupa chija?"

"Linali Lachiwiri masana."

Mng'ono wawo anapita pakhomo n'kulavula kunja, kawiri. Kasitomala, mutu uli m'beseni, anati, "Anthu ndi afiti, amayi inu."

"Chimene chikundinyansa ine, asisi, si A Perefyumu. Amene aja ndinawadziwa kalekale, mphuno inandiuza. Ndi inu. Ndinakuuzani ndi pakamwa panga kuti si ine, munakana. Lero manambala akuuzani, mwavomera. Ine wa bere limodzi ndi inu ndachepa kuposa 77."

"Ndi zoona."

"Musati ndi zoona, mukundilanda mawu!"

Atelala anatseka pakamwa. Anaima pomwepo, mayi wamkulu, tepi ili m'khosi, anthu a mumsika akusuzumira pazenera.

"Tikiti ndagula kale," anatero mng'ono wawo.

"Ndamva."

Mng'ono wawo anamaliza kutsuka mutu wa kasitomala, osafulumira. Anaukulunga thaulo. Kenaka anatenga kakamera kaja ndi zala ziwiri, anakayang'ana m'diso, n'kukaponya m'ndowa ya madzi akuda a mankhwala, momwe mumayandama tsitsi la anthu. Kanatulutsa thovu kawiri n'kumira.

"Chipinda chija mwachikolopa?"

"Ayi."

"Ndinadziwa. Mukanagonamo choncho, ndi maso a anthu ali mbwee pakhoma." Anavula epuloni. "Chikwama chili kuseri kwa chitseko. N'cholemera. Potuluka ndinakoka ndekha, pobwerera munyamula ndinu. Ndipo sindinati ndakhululuka. Basi ilipo Lachisanu lililonse."

Atelala anasenza chikwamacho pamutu. Chinali cholemeradi, chogwirira chimodzi chothyoka chikuwamenya pakhutu. Mng'ono wawo anatsogola, manja ali m'thumba, osacheuka. Atafika pagolosale ya pakona anaima.

"Sopo wa ufa, wamkulu. Ndi bulashi ya waya. Tiyambira pamwamba pa wadiropu."